Nissan Leaf ndi Tesla Model 3 pamsewu wa Thyolo ndi Mulanje: mafunso ndi mayankho pa kukoka ndi liwiro

Chiyambireni anthu kuona magalimoto oyendera magetsi pa masamba ogulitsa magalimoto a ku Japan, mafunso sakutha. Ambiri ondifunsa ndi madalaivala anzanga a kuno ku Thyolo, ku Luchenza ndi ku Chitakale, ndipo funso lawo loyamba limakhala limodzimodzi: imathamanga bwanji? Ndasonkhanitsa mafunsowo pano. Ndasankha magalimoto awiri omwe amatchulidwa kawirikawiri, ndipo onse amapezeka a chiwongolero chakumanja ngati omwe timayendetsa kuno: Nissan Leaf ya batire ya 40 kWh (kWh ndi muyeso wa magetsi omwe batire imasunga), yomwe inayamba kutuluka mu 2017, ndi Tesla Model 3 ya mota imodzi yakumbuyo.

Kodi kukoka ndi liwiro lomaliza si chinthu chimodzi?

Ayi. Kukoka ndi changu chomwe galimoto imanyamukira mukaponda moto. Amakuyeza powerenga masekondi omwe galimoto yatenga kuchoka poyima mpaka kufika pa makilomita 100 pa ola. Liwiro lomaliza ndi pomwe galimoto imathera, pomwe ngakhale muponde mpaka pansi singano siyendanso. Taganizirani anyamata awiri akabaza pa Chitakale: wina amanyamuka ngati wakankhidwa koma sachedwa kufika pothera mphamvu zake, wina amayamba mozizira koma akatenga liwiro pamsewu wowongoka simungamugwire. Magalimoto amagetsi ambiri amafanana ndi mnyamata woyambayo.

Manambala ake ndi otani?

Leaf ya 40 kWh ili ndi mota ya 110 kW (kW ndi muyeso wa mphamvu ya mota) ndi mphamvu yopotokola matayala ya 320 Nm. Imafika pa 100 m'masekondi 7.9 ndipo imathera pa makilomita 144 pa ola.

Tesla Model 3 ya mota imodzi imafika pa 100 m'masekondi 6.1. Liwiro lake lomaliza linali 225, koma pa mtundu womwe anaukonzanso mu 2023 analitsitsa kufika pa 201.

Ndiye kuti ponyamuka amasiyana ndi masekondi osakwana awiri, pomwe pa liwiro lomaliza amasiyana ndi makilomita 57 kapena 81, kutengera chaka chomwe Tesla yo inapangidwa. Kuti muone bwino, timagalimoto ta injini ya 1.0 tomwe tadzaza m'misewu yathu, monga Passo ndi Vitz, timatenga masekondi oposa 12 kuti tifike pa 100. Munthu wozolowera timeneti akakwera Leaf koyamba amagwira mpando.

Samalani ndi dzina lokha. Pali Model 3 ya ma mota awiri yomwe imafika pa 100 m'masekondi 4.4, ndi ina yotchedwa Performance yomwe imatenga masekondi atatu ndi pang'ono n'kukathera kupitirira 260. Palinso Leaf e+ ya batire ya 62 kWh ndi mota ya 160 kW, yomwe imatenga masekondi pafupifupi asanu ndi awiri n'kuthera pa 157. Wogulitsa akangoti "ndi Tesla" kapena "ndi Leaf", mufunseni kuti ndi iti.

Nanga bwanji pa intaneti ndimaona manambala osiyana ndi amenewa?

Zifukwa zake n'zingapo. A ku America ndi ku Britain amayeza kuchoka pa 0 kufika pa mamailosi 60 pa ola, omwe ndi makilomita 96.6, choncho nambala yawo imatsikirapo. Magazini ena a ku America amayamba kuwerenga galimoto itasuntha kale phazi limodzi, ndipo izi zimachotsa kagawo ka sekondi. Komanso nambala ya fakitale imatengedwa pa tala wosalala ndi wouma, batire itadzaza bwino, m'galimoto muli munthu mmodzi. Inu mukanyamula banja lonse, matumba awiri a chimanga ndi mikoko ya nthochi, musayembekezere 7.9.

N'chifukwa chiyani galimoto yamagetsi imanyamuka mwamphamvu chonchi?

Injini ya petulo imafuna kaye kuti izungulire kwambiri isanapereke mphamvu zake zonse. N'chifukwa chake timayambira giya wani, kulira kukwere, kenako tu, kenako fili, ndipo posintha paliponse mphamvu imaduka kaye. Mota yamagetsi imapereka mphamvu yake yonse yopotokola ikangoyamba kuzungulira. Ilibe kilatchi, ndipo Leaf ndi Model 3 zonse zili ndi giya imodzi yokha yopita kutsogolo. Mukaponda, galimoto imayankha nthawi yomweyo, popanda kudikira kuti giyabokosi iganize kaye zotsitsa giya monga zimachitira ma otomatiki athu.

Izi zimamveka kwambiri kuchoka poyima kufika cha pa 50 kapena 60. Pamenepo Leaf ndi Tesla sizitalikirana kwenikweni. Tesla imayamba kuthawa mnzakeyo liwiro likamakwera, chifukwa mota yake ndi ya mphamvu pafupifupi 200 kW ndipo simafooka msanga ikamazungulira kwambiri. Leaf ikadutsa 100 mumamva kuti mpweya wayamba kuchepa.

Ngati Leaf ili ndi mphamvu choncho, imatheranji pa 144 pokha?

Yankho lili pa giya imodzi ija. Pa Leaf, mota imazungulira pafupifupi kasanu ndi katatu kuti tayala lizungulire kamodzi. Galimoto ikafika pa 144, motayo imakhala ikuzungulira pafupifupi ka 10,000 pa mphindi, ndipo kompyuta ya galimoto imaimitsira pomwepo kuti mota ndi batire zisavulale. Zili ngati kuyendetsa ulendo wonse pa giya imodzi: mumanyamuka bwino, koma pali pothera. Tesla nayo ili ndi giya imodzi, yochepetsa pafupifupi kasanu ndi kanayi, koma mota yake inapangidwa kuti izipirira kuzungulira kopitirira 16,000 pa mphindi. Thupi lakenso ndi lalifupi msinkhu ndi losalala, limang'amba mphepo mosavuta kusiyana ndi Leaf yomwe ndi yotukuka kumbuyo.

Alipo opanga ena omwe anathana ndi vutoli poika magiya awiri. Porsche Taycan, yomwe inatuluka mu 2019, ili ndi magiya awiri kumbuyo, ina yonyamukira ina yothamangira. Koma imeneyo ndi galimoto ya mtengo wina.

Achimwene, masekondi awiri okhawo angandithandize chiyani pamsewu wathu uno?

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, ndipo ndikupemphani muwerenge modekha.

Aliyense woyenda msewu wa M2 kuchoka ku Limbe kudutsa pa Bvumbwe, Thyolo boma, Luchenza mpaka ku Mulanje ndi ku Muloza amadziwa momwe ulili. Msewu ndi wa mbali ziwiri zokha, wokhotakhota pakati pa minda ya tiyi, wokwera ndi kutsika. Kutsogolo kwanu sikulephera kukhala thirakitala yokoka ngolo ya masamba a tiyi, lole yolemedwa yomwe ikukwawa pachitunda, kapena minibasi yomwe ikusaka anthu. Malo owongoka oti mupitirire ndi afupiafupi. Chomwe chimakupulumutsani pamenepo ndi kuchepa kwa nthawi yomwe mukhale kumbali ya eni ake.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti lole ikuyenda pa 50, inu mwafika pa 80 kuti muipitirire. Kuti muchoke kumbuyo kwake n'kukalowa bwinobwino kutsogolo, mufunika kuiposa ndi mamita pafupifupi 50, ndipo izi zikutengerani masekondi asanu ndi limodzi. Ngati kutsogolo kukubwera galimoto ina pa 80, nonse awiri mukuyandikirana ndi mamita 44 pa sekondi iliyonse. M'masekondi asanu ndi limodzi aja mwadya mamita oposa 260. Galimoto yochedwa kukoka ikawonjezera masekondi atatu pofika pa 80 paja, mufunika msewu wina woonekera wa mamita 130. Pa khona za pakati pa Bvumbwe ndi Thyolo, mamita 130 amenewo nthawi zambiri kulibe.

Choncho kukoka, makamaka kwa pakati pa 40 ndi 90, ndi chinthu chomwe mudzagwiritsa ntchito tsiku lililonse. Pamenepa magalimoto onse awiriwa amachita bwino kuposa ambiri omwe tinazolowera, ndipo Tesla imaposa Leaf moonekeratu.

Liwiro lomaliza ndi nkhani ina. M'Malawi muno mulibe msewu womwe lamulo limalola 144, ndiye 201 kapena 225 n'zongolemba papepala. Ngakhale pamsewu wa Midima pomwe pali malo owongoka, m'mbali mwake mumayenda ana asukulu, njinga zonyamula makala, mbuzi. Ine ndikamasankha galimoto yoyenda kuno, nambala ya liwiro lomaliza sindiiwerengera n'komwe.

Pali chenjezo limodzi lomwe sindilisiya. Galimoto yokoka bwino imamunyengerera dalaivala kuti ayese kupitirira pomwe kale sakanayesa. Ngati simukuona kutsogolo, mphamvu za mota sizikuonetsani.

Pachitunda zimatha bwanji?

Zimatha bwino kwambiri, ndipo pali chifukwa chomwe ambiri sachidziwa. Injini ya petulo yopanda turbo imapuma mpweya, ndipo kumtunda mpweya ndi wopepuka. Imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 alionse omwe mwakwera kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere. Ku Limbe ndi ku Bvumbwe, komwe kuli pamwamba kupitirira mamita 1,000, injini yotere yataya kale gawo limodzi mwa magawo khumi. Mota yamagetsi sipuma mpweya, choncho mphamvu zake ndi zomwezo kaya muli ku Nsanje kaya ku Bvumbwe.

Kukwera kumadya batire ndithu. Galimoto yolemera makilogalamu 1,600 ngati Leaf imafuna pafupifupi 2 kWh zapadera kuti ikwere mamita 500, ndipo kusiyana kwa Mulanje boma ndi Bvumbwe kuli cha m'menemo. Chosangalatsa n'choti potsika mota imasanduka jenereta, imagwira galimoto uku ikubwezera magetsi ena m'batire. Pa Leaf pali B pa giya ndi batani lotchedwa e-Pedal zothandiza zimenezi, ndipo pa Tesla mukangochotsa phazi pamoto galimoto imayamba kudzigwira yokha. Mabuleki satentha ngati momwe amachitira pa mtsetse wautali.

Koma batire ikakhala yodzaza mpaka 100 peresenti, ilibe poika magetsi obwererawo, ndiye kudzigwira kuja kumachepa. Amene mumakhala kumtunda n'kumayamba ulendo ndi kutsetsereka, monga kuchoka ku Makwasa kulowera ku Thekerani ndi kuchigwa cha Shire, kumbukirani zimenezi m'mawa mukangochotsa pa chaja. Phazi likhale pafupi ndi buleki.

Nanga nthawi ya chiperoni kapena mvula?

Kuyambira mu Meyi mpaka cha mu Ogasiti, chiperoni chikagwa, tala amanyowa ndi kamvula kowaza kaja, ndipo matope ofiira ochoka m'misewu ya m'minda ya tiyi amapakika pamwamba pake. Mphamvu yobwera nthawi imodzi ija imasanduka vuto. Leaf imakoka ndi matayala akutsogolo, ndipo ponyamuka kulemera kumathawira kumbuyo, choncho mukaponda mwaukali potuluka pamphambano matayala amatha kupala. Tesla ya mota imodzi imakankha ndi akumbuyo, omwe amakanikizika pansi ponyamuka, n'chifukwa chake imagwira bwino pouma. Ponyowa, makamaka pokhota, kumbuyo kumafuna kutaya. Zonse zili ndi makompyuta oletsa kuterereka ndipo amagwira ntchito mwachangu, koma sangapange mphira pa tayala lomwe latha.

Pa Leaf dinani Eco, pa Tesla sankhani Chill. Zonsezi zimafewetsa kuyankha kwa moto. M'nkhungu ya chiperoni, pomwe simuona ngakhale mitengo ya m'mbali mwa msewu, palibe mwa manambala a pamwamba aja lomwe lili ndi ntchito.

Kodi kuthamanga kumadya batire kwambiri?

Kwambiri zedi. Mphepo yomwe galimoto imalimbana nayo imakula kanayi mukawirikiza liwiro kawiri, ndipo mphamvu yofunika kuigonjetsa imakula kasanu ndi katatu. Poyesa kwa ku Ulaya, Leaf ya 40 kWh yatsopano inapatsidwa makilomita 270 pa batire yodzaza kamodzi, pomwe Model 3 ya mota imodzi inapatsidwa pafupifupi 500. Manambalawa amabwera poyenda mosakaniza, mwaulemu. Mukakhazikika pa 120, amagwa koopsa, ndipo Leaf imagwa kwambiri chifukwa cha thupi lake lija.

Kunyamuka mwamphamvu kamodzikamodzi popitirira lole sikuwononga zambiri, chifukwa kumatenga masekondi ochepa. Chodya batire ndi liwiro lalikulu lokhalitsa.

Ndipo kuno magetsi omwe mwawononga sabwerera msanga. Pa soketi wamba ya m'nyumba, chaja yonyamula imakoka pafupifupi 2.3 kW. Kudzaza Leaf yomwe yatheratu kumatenga maola oposa 17, Tesla kupitirira tsiku lathunthu. Onjezani kuthimathima kwa magetsi. Tonse tikukumbuka momwe zinalili namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi 130 MW kwa nthawi yoposa chaka. Munthu yemwe anaona zimenezo sataya batire chifukwa chofuna kufika ku Limbe mphindi zisanu msanga.

Ndinamva kuti Leaf ikatentha imafooka. N'zoona?

N'zoona. Batire ya Leaf ilibe madzi oiziziritsa, imangodalira kuti kutentha kuchoke kokha. Mukathamanga nthawi yaitali, kapena kutchaja pa chaja yothamanga kangapo tsiku limodzi, batire imatentha ndipo galimoto imachepetsa liwiro lotchajira. Zikafika poipa imachepetsanso mphamvu yokokera. Pa dashibodi pamayaka kachizindikiro ka kamba, komwe kamabweranso batire ikatsala pang'ono kutheratu. Kamba akayaka, galimoto imayendadi ngati kamba, ndipo imeneyo si nthawi yoyesa kupitirira aliyense.

Tesla imazungulitsa madzi oziziritsa m'batire ndi m'mota, choncho imatha kubwereza kukoka kwake kambirimbiri osafooka msanga. Kwa ife a kumapiri kuno nyengo imatikomera miyezi yambiri. Amene mumatsikira ku Chikwawa ndi ku Nsanje mu Okutobala ndi Novembala, kusiyana kumeneku kuganizireni bwino.

Leaf zotchipa zomwe zili pa masamba a ku Japan ndi zomwezi?

Kawirikawiri ayi. Zotchipa kwambirizo ndi za mtundu woyamba, womwe unayamba mu 2010, za batire ya 24 kWh kapena 30 kWh ndi mota ya 80 kW. Zimenezi zimatenga masekondi 11 ndi theka kapena kuposerapo kuti zifike pa 100, ngakhale kuti m'tauni zimanyamukabe mochangamuka. Liwiro lomaliza ndi lofanana ndi la ya 40 kWh ija.

Chofunika kuyang'ana ndi thanzi la batire. Leaf imaonetsa timizere 12, ndipo koyamba kamazima batire ikatsika kufika cha pa 85 peresenti ya mphamvu yomwe inali nayo ili yatsopano. Pemphani chithunzi cha dashibodi galimoto ili yoyaka musanatumize ndalama. Pali pulogalamu ya pafoni yotchedwa LeafSpy yomwe, pogwiritsa ntchito kachipangizo kolumikiza pansi pa chiwongolero, imaonetsa thanzi lenileni. Batire yokalamba imayamba yachepetsa mtunda, kenako imayamba kugwa mphamvu pachitunda ikatsika chaji. Chingwe chotchajira chomwe chimabwera ndi galimoto ya ku Japan chinapangidwira magetsi akumeneko a 100 kapena 200 V, pomwe athu ndi 230 V, ndiye muonetseni kaye wodziwa zamagetsi musanachilowetse pakhoma.

Pa msewu wafumbi, maenje ndi mahampu?

Zonse ziwiri ndi zapansi, ndipo batire ili kumimba. Model 3 imatalikira pansi ndi masentimita pafupifupi 14, Leaf pafupifupi 15. Ngati kwanu n'kolowera m'misewu ya m'minda kapena ya kumudzi yomwe mvula imakumba, yang'ananinso BYD Atto 3, yomwe ndi yokwererapo. Imafika pa 100 m'masekondi 7.3 n'kuthera pa 160, ndiye pa kukoka ili pakati pa ziwirizi.

Anthu oyenda pansi amaimva ikamabwera?

Funso ili sindinafunsidwepo ndi dalaivala, ndaliika ndekha. Anthu athu amayenda pamsewu ndi makutu. Mayi wosenza dengu pa Bvumbwe, wothyola tiyi yemwe akuweruka madzulo, wakabaza yemwe wanyamula munthu kumbuyo, onsewa amadziwa kuti kukubwera galimoto chifukwa amva injini. Leaf ili ndi kaphokoso kochenjeza komwe kamalira ikamayenda pang'onopang'ono, koma pamsika pomwe pali mawailesi ndi oitanira minibasi n'kosavuta kukaphonya. Tsopano phatikizani kusamveka kumeneku ndi galimoto yomwe imachoka poyima kufika pa 50 m'masekondi owerengeka.

Pa 100, galimoto imayenda mamita 28 pa sekondi imodzi. Mukawirikiza liwiro kawiri, mtunda woimira mutaponda buleki umakula kanayi, ndipo magalimoto amenewa ndi olemera: Leaf pafupifupi makilogalamu 1,600, Model 3 kupitirira 1,700. Podutsa pa Bvumbwe, pa Luchenza, pa Chitakale ndi pasukulu iliyonse, tsitsani liwiro musanafike ndipo hutala ikhale pafupi.

Inuyo mukanasankha iti?

Pa kukoka ndi pa liwiro, Tesla yapambana, palibe mtsutso. Imapambananso pa mtunda ndi pa kupirira kutentha. Munthu woyenda maulendo ataliatali, wochoka ku Mulanje kupita ku Lilongwe, ali ndi chifukwa chomveka choifunira, bola akhale ndi pokatchaja akafika. Adziwenso kuti Tesla ilibe shopu kapena galaja yake m'dziko muno, ndiye chitsulo chilichonse chikawonongeka n'choitanitsa kunja, ndipo amakaniko oidziwa ndi osowa.

Ine maulendo anga ndi a pakati pa Thyolo, Mulanje ndi Limbe, kupita m'mawa kubwera madzulo. Pa ulendo wotere Leaf ya 40 kWh ya batire yathanzi imakwanira kupita ndi kubwera, imapitirira thirakitala ya tiyi mosavuta, ndipo ndalama yotsala poyerekeza ndi mtengo wa Tesla ndingaiike pa masola ndi mawaya abwino otchajira kunyumba. Zitsulo zake zina za kumiyendo ndi mabuleki n'zosavuta kuzipeza kudzera kwa omwe amaitanitsa kale katundu wa Nissan. Ndikanatenga Leaf, ya timizere tosachepera 11, n'kuigulira matayala anayi atsopano isanakwere chitunda cha Thyolo koyamba.